Ndevu Zoyamba Kuzimidwa ndi za Yani?

Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma boma la United States lidayamba kuzimira amene adali kale ndi madzi m'manja. Mu Meyi 2022, unduna wa zaulimi, USDA, udalengeza madola pafupifupi 6 biliyoni othandiza alimi amene mbewu zawo zidaonongeka ndi chilala, moto wolusa ndi madzi osefukira mu 2020 ndi 2021. Gawo loyambali lidatsata mabuku a inshuwalansi ya mbewu: wolandira kale chipepeso adalandiranso, pomwe wamunda waung'ono wopanda chitetezo chilichonse adadikira mpaka Januwale 2023 kuti alembetse. Kumeneku ndi kulemekeza mapepala kuposa umphawi. Pamudzi nkhokwe ziwiri zikapsa, anthu amayamba kusonkhera amene alibe kwina kotapa chimanga.