Ana a kunyanja asamaphunzire nyanja ngati alendo

Pa tchuthi chapitachi ndili kwathu ku Nkhotakota, mng'ono wanga wa Sitandade 7 anandichititsa manyazi. Tinali pagombe m'mawa, nkhungu itakwera pakati pa nyanja ngati utsi. "Achimwene, kodi tizilombo timeneti timakhala kuti tisanayambe kuuluka?" Ndinangoti kukamwa yasa. Ine amene ndinakhoza Geography pa MSCE, amene ndinaloweza za Gulf Stream ndi Benguela, ndinalephera kufotokoza chinthu chomwe ndakhala ndikuchiona, ngakhalenso kuchidya, chibadwire.

Yankho ndinakalipeza nditabwerera kukoleji. Mphutsi za nkhungu zimakhala m'madzi. Masana zimatsikira pansi kwambiri pomwe nsomba sizifika, usiku n'kukwera kudzadya. Nsomba sizifikako chifukwa Nyanja ya Malawi, yomwe pena ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ilibe mpweya wa okosijeni kupitirira mamita pafupifupi 250 kupita pansi. Ndiye kuti nsomba zonse zomwe timadalira zimakhala m'chigawo chapamwamba chokha. Bwanji palibe anandiuza zimenezi ndili mwana?

Maganizo anga ndi akuti sukulu zathu, makamaka za m'mbali mwa nyanja, ziyambe kuphunzitsa nyanja mwakuya, kuyambira ku pulayimale. Zomwe timauzidwa pano n'zoti nyanja yathu ndi yachitatu kukula mu Africa, ili ndi chambo ndipo imakopa alendo. Kumeneko n'kudziwa dzina la munthu koma osadziwa khalidwe lake.

Taganizirani zomwe mwana wa ku Chia kapena ku Dwangwa akuyenera kudziwa. Mwera umaomba nyengo yozizira, ndipo chaka ndi chaka timamva za mabwato ogubuduzika. Mpasa umachoka m'nyanja kukwera mtsinje wa Bua kukaswana, choncho wodula mitengo kumtunda akupha nsomba yomwe mwina sanaionepo, poti dothi lokokoloka limakwirira malo oikira mazira. Nkhono za m'madzi odikha ndizo zimasunga tizilombo ta likodzo. Masikito olandira kuchipatala akasanduka khoka amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Mwana amene wamvetsa chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka ena mu Novembala ndi Disembala, nthawi yomwe chambo chimaswana, akadzakula sadzaona lamulolo ngati nkhanza za a Fisheries. M'mera m'poyamba.

Ena anena kuti izi n'za anthu a kunyanja okha. Ayi ndithu. Mtsinje umodzi wokha, Shire, ndiwo umatulutsa madzi m'nyanjayi, ndipo magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje womwewo. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inaphwera moti inasiya kuthira madzi mu Shire. Zitachitikanso lero, wophunzira wa ku Zomba kapena ku Lilongwe adzawerengera kandulo. Mu 2024 tinaona mbali inayo: madzi anakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo omangidwa pagombe penipeni.

Enanso ati Malawi alibe nyanja yamchere, tivutikiranji? Funsani anthu a ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe. Namondwe Freddy wa mu 2023 anayenda ulendo wautali pa Indian Ocean, akutenga mphamvu ku madzi ofunda a kumeneko, asanafike kudzagumula mapiri athu. Idai wa mu 2019 anawononga Beira, doko lomwe katundu wathu wambiri amadzera. Ndipo madzi omwe timachapira ku Nkhotakota, akadutsa Shire ndi Zambezi, amakathera m'nyanja yomweyo. Nyanja yamchere tiziiphunzira ndithu, koma poyambira pakhale pakhomo.

Dandaulo lomveka ndi la aphunzitsi: silabasi ndi yodzadza kale, ana m'kalasi ndi ochuluka, zipangizo palibe. Sindikupempha phunziro latsopano la mayeso. Ndikupempha kuti Sayansi, Agriculture, Geography ngakhale Chichewa zitenge zitsanzo zake m'nyanja. Labu yake ilipo kale, ndipo ndi yaulere. Ana angathe kuzika ndodo pagombe n'kumalemba mmene madzi akukwerera mwezi ndi mwezi. Angathe kuyeza kutalika kwa nsomba padoko, n'kufunsa agogo awo kuti kale chambo chinkakula bwanji. Mbiri nayo ili pomwepo: zombo za Jumbe zinkawolotsa akapolo kuchokera pagombe lomweli.

Aphunzitsi enanso ali m'mudzi. Msodzi wokalamba amasiyanitsa mwera, mpoto ndi vuma pongoona mitambo ndi mafunde. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja kwa zaka zambiri, ndipo anthu amamvera. Imeneyo ndi sayansi, ngakhale sinalembedwe m'Chingerezi. Msodzi wotere aitanidwe m'kalasi, akhale pambali pa katswiri wochokera ku Malawi College of Fisheries ya ku Mpwepwe kapena ku LUANAR, ana amve onse awiri.

Ife a m'makoleji tisadikire unduna. Ambiri timathera tchuthi pa WhatsApp, pomwe sukulu yomwe inatilera ili pafupi. Ola limodzi lokha ndi ana a wildlife club likhoza kusintha mmene amaonera madzi omwe amasambamo tsiku ndi tsiku.

Ine ndayamba ndi mng'ono wanga. Ndinamuimbira foni kumuuza za mphutsi za nkhungu. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa: "Nanga usipa umagona kuti?" Ndikufufuzabe, ndipo tchuthi chikubwerachi ndikayamba ndi kufunsa amalume anga, amene akhala pabwato moyo wawo wonse.