Osunga ana olakwa aziyamba aphunzira kaye

Mphwanga, mwana wa achemwali anga, adagwidwa ali ndi zaka 15 ataba foni pamsika. Sindikumuikira kumbuyo ayi, adabadi. Khothi la ana lidamutumiza kumalo ena osungirako ana olakwira malamulo, ndipo ine ndinkapita kukamuona mwezi ndi mwezi nditanyamula chigumu ndi sopo.

Kumeneko ndidadziwana ndi abambo awiri ogwira ntchito. Wina, mwana akalakwa, ankangothamangira kumugwaditsa padzuwa ndi kumumana nsima. Winayo ankamuitanira pambali n'kumufunsa chavuta. Ndi iyeyu adatulukira kuti mphwanga ankakodza pogona kaamba ka mantha, osati mwano monga anzake ankanenera. Nditawafunsa komwe adaphunzira luso limeneli, bambowo adangoseka. "Achimwene, palibe adandiphunzitsa. Kungoti ndalera ana asanu kwathu."

Yankho limeneli limandisowetsabe mtendere. Ndiye kuti mwana wa munthu akonzeke kapena aonongeke zikutengera mwayi, kuti wagwera m'manja mwa ndani?

Papepala malamulo athu ndi okoma. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limakaniza kuponya mwana m'ndende, ndipo limati wolakwa kwambiri apite kumalo omusintha khalidwe, monga ku Mpemba ku Blantyre ndi ku Chilwa ku Zomba. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati mwana wosungidwa asasakanizidwe ndi akuluakulu. Mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakuluwo kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Mu 2018 khothi lalikulu lidagamula kuti ana omwe adali kundende za Kachere ndi Bvumbwe achotsedweko.

Zonsezi zikukamba za komwe mwana akasungidwe. Koma mwana sasinthidwa ndi chikwangwani cha pageti. Amasinthidwa ndi munthu amene amamudzutsa m'mawa, kumugawira phala, ndi kumuleretsa akayambana ndi mnzake pakati pa usiku. Za munthu ameneyu timakambapo pang'ono zedi.

Msilikali wa ndende amaphunzira ku Mapanga ku Zomba, ndipo chitetezo, mwambo ndi kuonetsetsa kuti mkaidi asathawe n'zofunikadi pantchito yake. Koma mnyamata wa zaka 13 amene wakulira mumsewu, wamenyedwa ndi bambo womupeza, mwinanso wazolowera chamba, si mkaidi wamng'ono. Ukamukalipira amaumirako mtima, poti kukalipiridwa ndiye chakudya chake kuyambira kale.

Bungwe la United Nations lidakhazikitsa mfundo zotetezera ana otsekeredwa mu 1990, zija amati Havana Rules. Zimati wogwira ntchito m'malo otere aphunzire kaganizidwe ka mwana, chisamaliro chake ndi ufulu wake, ndipo azibwereza maphunzirowo nthawi ndi nthawi. Zimaletsa kumenya, kutsekera mwana m'chipinda chamdima, kumuchepetsera chakudya ngati chilango, ngakhalenso kunyamula zida m'kati mwa malowo. Tsono mukamulanda munthu ndodo osamupatsa njira ina, mwamusiya manja lende, ndipo mawa aitolanso ndodoyo mobisa.

Ine maganizo anga ndi akuti boma liike lamulo losapita m'mbali: munthu asayambe ntchito pamalo osungira ana asanamalize maphunziro apadera n'kukhoza mayeso ake. Ndikati munthu ndikunena aliyense, wophika ndi mlonda wausiku yemwe, chifukwa nkhanza zambiri pakati pa ana zimachitika mabwana atapita kwawo. Aphunzire kuziziritsa ndewu popanda chibakera, kuzindikira mwana amene akugwiriridwa ndi anzake akuluakulu koma akuopa kunena, kuona msanga amene akuganiza zodzipha. Aphunzirenso kulemba malipoti omveka, pakuti bungwe lounika milandu ya ana la Child Case Review Board limadalira zolembedwazo poona ngati mwana wasintha moti n'kubwerera kwawo. Lipoti lolembedwa mwaulesi likhoza kumusunga mwana miyezi yambiri popanda chifukwa. Ndipo asanalembedwe ntchito, mbiri yake ifufuzidwe kaye.

Ena anena kuti ndalama kulibe. Inde, chuma chavuta, ndipo ogwira ntchitowa ndi ochepa, malipiro awonso ngosalirana. Munthu mmodzi kuyang'anira chigulu cha anyamata usiku wonse, ngakhale ataphunzira chotani, atopa basi. Komatu sitikuyambira pansi. Ku Magomero ku Chiradzulu kuli kale koleji yophunzitsa alangizi a chisamaliro cha anthu, yomwe ikhoza kukonza maphunziro a miyezi ingapo a anthu amenewa. Chomwe sindikufuna ndi zija za masiku atatu kunyanja, komwe amapita ndi akumaofesi kukalandira ma alawansi pomwe amene amagona ndi anawo watsala pageti.

Mphwanga adatuluka, pano akuwotcherera zitsulo ndipo akudzidyetsa yekha. Bambo uja adamuthandiza ndidamva kuti adapuma ntchito n'kubwerera kumudzi. Palibe adawakhazika pansi kuti aphunzitseko wolowa m'malo mwawo.