Tisawaseke akuluakulu openyerera nkhosa za dothi

Amalonda anzanga a ku Kapata, a ku Saturday Market, ndi inu amene mumalawirira ku Mwami kukaoda katundu, landirani moni. Lero ndalemba zazitali, mupirire nane. Ndifuna kuikira kumbuyo munthu amene tinamuseka sabata yatha, ndipo pa osekawo ndinalipo ndine.

Pafupi ndi thebulo langa la kabichi ndi matimati pali amayi ena ogulitsa kapenta. Ndi amasiye, alera adzukulu anayi, ndipo ku kiliniki anawauza kuti BP yawo ndi yokwera. Lachitatu masana, malonda atazizira, tinawamva akuseka okha, maso ali pa foni. Kusuzumira, tipeza apenyerera katuni ya nkhosa. Basi tonse kugwa nako kuseka. “Amayi akuluakulu, bundle kuthera pa zidole?” Wina anawonjezera kuti ndiye chifukwa chake amachedwa kuponya chilimba. Iwo sanayankhe zambiri. Anazima foni, naibisa m'chitenje, nati: “Ndikapenyerera izi mutu umaleka kugunda.”

Mawu amenewo sanandichoke. Madzulo ndinauza mdzukulu wanga kuti andisakire nkhosazo.

Dzina lake ndi Shaun the Sheep. Amaipanga a kampani ya Aardman mumzinda wa Bristol ku England. Kankhosaka kanayamba kuoneka mu 1995 m'filimu ina ya Wallace and Gromit yotchedwa A Close Shave, mmene kanali kothandizira chabe. Anthu anakakonda, ndiye mu 2007 anakapatsa pulogalamu yakeyake pa BBC. Nkhani yake ndi ya pa famu. Mwini famu avala magalasi ochindikala koma saona zimene ziweto zake zichita. Galu wake Bitzer ayenda ndi wezulo ngati kapitawo, ndipo kuseri kwa mpanda kuli nkhumba zitatu zamwano.

Gawo limene ndinayambira, mutu wa kabichi unagwera m'busa, nkhosa n'kuusandutsa mpira. Ine wogulitsa kabichi mtima unayamba wawerengera kuluza, koma posachedwa ndinali kuseka mpaka misozi. Mphindi 7 chabe, yatha. Usiku umenewo ndinagona osawerengera nkhongole padenga.

Mundifunsa kuti chinsinsi chake n'chiyani? Choyamba chimene ndinaona n'chakuti mulibe mawu. Palibe Chingelezi, palibe Chinyanja. Nkhosa zingolira, galu angoliza wezulo, mwini famu angong'ung'udza. Inu a pa maliketi mudziwa mmene makutu athu amatopera. Kuyambira 05:00 ndi kuitana makasitomala, kukangana pa chenji, a wilibala kukuwa kuti tipatuke, a njinga kuliza mabelo. Ukati upume pa foni, nakonso ndi phokoso: ndale, kutukwanizana, zithunzi za ngozi pa Great East Road, uthenga wa maliro. Mafilimu amene timati ndi a akulu nawo adzaza ufiti ndi kulandana amuna. Munthu wa BP apume pati? Kwa nkhosa zija safa munthu. Zisokoneza zinthu masana, koma mwini famu asanatulukire zonse zabwerera m'malo mwake.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri ndi kapangidwe kake. Si zojambula pa kompyuta ayi. Ndi zidole zenizeni zogwirika ndi manja, zina mbali zake zoumba ndi dothi la kufakitale losauma. Munthu asuntha mwendo wa chidole pang'ono, ajambula chithunzi, asunthanso, ajambulanso. Kuti sekondi imodzi ikwane, asunthe ka 12 kapena kuposa. Tsiku lonse la nchito limatulutsa masekondi ochepa chabe. Pa zidole za Aardman nthawi zina chidindo cha chala cha woumba chimaonekera, ndipo sachifafaniza. Ine ndiganiza kuti kudekha kwa woumbayo n'kumene kumafika kwa wopenyerera, monga mmene nsima yophika mosathamanga imadziwikira pakamwa.

Ndipo kodi ife zoumba n'zachilendo? Amuna anzanga amene munakulira kwa Mpezeni kapena kwina kulikonse kumudzi, kumbukirani kubusa. Tinali kukumba dothi kudambo, kuumba ng'ombe ya linunda ndi nyanga zakuthwa, kuiyanika pamwala, kenaka kuigundanitsa ndi ya mnzako mpaka ina ithyoke nyanga. Tinali kuzilizira tokha ndi pakamwa. Azungu a ku Bristol angowonjezapo kamera. Tsono lero tiseka mayi wamasiye chifukwa chopenyerera chinthu chimene manja athu omwe anali kuchita?

Musaganize kuti ndi kuno kokha kumene akulu amazikonda. Mu 2023 fakitale ya ku England imene inali kupanga dothi lija inatseka. Nkhani itamveka, anthu akuluakulu m'maiko ambiri anada nkhawa pa intaneti kuti zidole zawo zitha, mpaka a Aardman anachita kulengeza kuti mitima ikhale pansi, dothi alinalo lokwanira.

Sindikunena kuti oseka aja analibe mfundo olo pang'ono. Katuni silipira kaloba, ndipo siilowa m'malo mwa mapilisi a ku kiliniki. Kasitomala akaima pa thebulo iwe maso ali pa foni, apita kwa mnzako, ndipo usadzati wakulodza. Nawonso makolo opatsa mwana foni tsiku lonse kuti asawavute, zimenezo sindivomereza.

Koma pa nkhani ya bundle tiyeni tikambe zoona. Amene anatchula za chilimba uja, Loweruka lililonse amakhala maola awiri pa mpira wa ku England, kubetcha ndalama ya katundu, timu ikaluza afika kunyumba nkhope ili gwa, ana kuthawira kuchipinda. Ameneyo timamutcha mwamuna wokonda mpira. Amayi opuma mphindi 7 n'kubwerera ku kapenta wawo akumwetulira ndiwo tiwatcha mwana. Ine pamenepa ndakana.

Lachisanu ndinapita kukapepesa. Amayi aja sanakambe kanthu, anangosendeza benchi n'kuimika foni pa thumba la kapenta, tinapenyerera limodzi gawo la kamwana ka nkhosa kotchedwa Timmy. A njinga awiri anaima kumbuyo kwathu, ati ayembekeza kasitomala.

Mdzukulu wanga naye anandipempha kuti ndimugulire dothi loumbira. Ndinamutenga kudambo, tinakumba laulere. Ng'ombe yake yoyamba inaoneka ngati mbatata. Yanga, patapita zaka 40, inaima bwinobwino, koma nyanga imodzi inagwa isanaume. Akuti Loweruka tikayesenso, ndipo abwereka foni ya amake kuti aijambule ikuyenda.