Mbewa ya Manyazi

Pazaka zonse zimene ndidagwira choko, ndidaphunzitsa ana a eni za malungo, kolera ndi njoka za m'mimba popanda kuchita chibwibwi. Koma tikafika pa matenda a kumalo obisika, ine ndi aphunzitsi anzanga tinkathamanga ngati tikudutsa kumanda usiku. Lero ndikuvomera kuti tidalakwa, ndipo amene adalipira kulakwa kwathuko ndi ana omwewo atakula.

Mmodzi mwa iwo, yemwe dzina lake sinditchula, adakwatiwa atangomaliza Folomu 4. Pasanathe miyezi iwiri adayamba kumva kuotcha potaya madzi, kenaka m'chinena mudayamba kupota. Mwamuna wake, poopa kuti anthu angawaone kuchipatala, adamugulira makapisozi anayi pamsika. Ululu udazilala, onse nkumati wachira. Padapita zaka zisanu mphatso osaoneka, ndipo akuchimuna adayamba kumutcha chumba. Atakapimidwa, zidadziwika kuti njira zodzera dzira zidatsekeka ndi zipsera. Nthendayo adabwera nayo m'nyumba ndi mwamuna yemweyo, koma wosiyidwa ukwati ndi wonyogodoledwa pachitsime adali mkazi.

Anthu ambiri amaika m'thumba limodzi matenda osiyana, ndipo umbuli umenewu ndiwo umabala manyazi. Kuotcha pokodza sikuti nthawi zonse ndi chinzonono. Kawirikawiri ndi matenda a chikhodzodzo, oyamba ndi kachilombo kotchedwa Escherichia coli, kamene kamakhala m'matumbo a munthu aliyense, ngakhale m'busa. Njira ya mkodzo ya munthu wamkazi ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, pamene ya mwamuna imafika masentimita 20. Choncho pokhalira malo amodzi tizilomboti timakankhidwira m'njiramo ndi kufika m'chikhodzodzo mosavuta. Mayi wokhulupirika, wokwatiwa ndi bambo wokhulupirika, akhoza kudzuka akukodza pafupipafupi, mkodzo wake uli wambuu ndi wonunkha, popanda woyenda njira zamseri. Nanga mlandu wa chigololo umene timathamangira kumuzenga uchokera pati? Matendawa amatha pamasiku ochepa ndi mankhwala oyenera. Akalekereredwa amakwera kukafika ku impso, munthu nayamba kutentha thupi, kunjenjemera ndi kumva kupweteka m'mbali mwa msana. Kwa mayi wapakati ngoziyo ndi yaikulu koposa.

Nthenda imene idagwira wophunzira wanga uja ndi ina. Tizilombo ta chinzonono kapena ta klamidiya, topatsirana pogonana, timakwera kuchoka pakhomo la chiberekero mpaka m'njira zodzera dzira. Wodwala amamva kupweteka m'munsi mwa mchombo, amatulutsa chikazi chachilendo, amamva ululu pokhala ndi mwamuna, mwina nkutaya magazi nthawi yosayenera. Choopsa nchakuti klamidiya amatha kudya mwakachetechete ngati chiswe, mwini wake osamva kanthu. Zipsera zikatseka njira, mayi sangaime. Zikangoichepetsa, pathupi pamakhazikika m'njiramo ndipo ikaphulika mayi akhoza kufa ndi kutaya magazi. Kwathu kuno palinso likodzo, limene limatulutsa magazi mumkodzo ndi kuyambitsa zilonda kumalo obisika kwa mtsikana amene sadadziwepo mwamuna, wangosamba m'nyanja kapena m'dambo. Kodi wogulitsa makapisozi pa benchi, pambali pa sopo ndi machesi, angasiyanitse bwanji zitatuzi?

Ena amati mankhwala ndi mankhwala, bola ululu uleke. Alexander Fleming, amene adatulukira penisilini mu 1928, adachenjeza kale mu 1945 polandira mphotho ya Nobel kuti kumwa mankhwalawa mopereweza kudzaphunzitsa tizilombo kupirira. Zidachitikadi. Penisilini amene ankathetsa chinzonono masiku a makolo athu, lero sadaliridwanso pa nthendayi. Matenda a m'chiberekero amafuna mankhwala amitundu ingapo omwa kwa masiku 14. Makapisozi anayi amangogonetsa tizilombo tofooka ndi kusiya tolimba kuti tiswane. Za mizu ndi masamba oika kumalo obisika ndinene mwachidule: zimatupula khungu lanthete la m'katimo ndi kutsekulira khomo matenda ena, kuphatikizapo HIV.

Pali makolo ndi akuluampingo amene anganditsutse kuti kuuza ana asukulu zoterezi ndiko kuwatuma kukachita zachiwerewere. Ine ndidaphunzitsa kudziletsa moyo wanga wonse, ndipo sindidasinthe: inu ophunzira, nthawi yanu ino ndi ya mabuku. Koma kudziwa kumene kuli chipatala sikudathyolepo mwendo wa munthu. Ambiri a inu mudzalowa m'banja zaka zochepa zikubwerazi, ndipo ena, tisanamizane, adayamba kale. Palinso amene adachita kugwiriridwa. Ameneyo afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Kodi onsewa tiwasiye afere kuuna ngati mbewa ya manyazi ija?

Ndikudzudzulanso anamwino ena amene amakalipira mtsikana pamaso pa anthu a pamzere. Mawu amodzi achipongwe amabweza odwala khumi kupita kumsika.

Koma mlandu waukulu ndausungira amuna. Wodwala matenda opatsirana akalandira chithandizo, achipatala amamupatsa kapepala koitanira mnzake wogona naye, chifukwa kuchiza mmodzi yekha kuli ngati kukolopa m'nyumba yodontha. Awiriwo ayenera kumaliza mankhwala onse ndi kuyamba adikira asanakhalirenso pamodzi. Amuna angati amang'amba kapepalako nati, "Ine ndili bwinobwino, wodwala ndiwe"? Anyamata amene mukuwerenga nkhani ino, tsiku lina kapepala kameneka kadzaikidwa m'manja mwa ena a inu. Mwamuna wa wophunzira wanga uja adakwatiranso, ndipo ndidamva kuti mkazi wachiwiriyo nayenso akumutcha chumba.