Moni wa ku Chitala, lisiti la ku Joni

Abale ndi alongo, pa mkeka wa futari timakonda kudandaula kuti anyamata obwera ku Joni anataya ulemu. Akatsegula golosale pa Chitala safunsa za kunyumba, ndalama amalandira ndi dzanja limodzi, mtengo analemba kale pa katoni, ndipo mukati munenerere amangokulozerani katoniyo. Akuluakulu amapukusa mitu. Ine ndikuti tisafulumire, chifukwa ulemu umene tikuuliriwo wabisa mbava zambiri kuno kwathu.

Taonani zimene zimachitika kuno ku Salima mtedza ukakumbidwa. Venda amayamba ndi moni wautali. Afunsa za ana, afunsa za odwala, apepesa ngakhale maliro a chaka chatha. Kenako apachika sikelo pa mtengo wa mango, ndipo thumba limene linakuthyolani msana panjira lapepuka mwadzidzidzi. Ndowa yake yogulira ndi yotambasuka, yogulitsira ndi yobonyoka pansi. Mlimi amaona zonsezi, si wakhungu. Koma angamutsutse bwanji munthu amene wangomutcha kumene "bambo anga"? Kufunsa ngati sikeloyo inayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards kumamveka mwano. Kutchula mitengo yoyambira imene Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka, mwano winanso. Ndiye mtedza wa Chitala, mbewu yotenga dzina la siteshoni yathu ya kafukufuku yomweyi, umakwera lole anthu akuseka ndi kuwomberana m'manja.

Ku Johannesburg, m'mashopu a ku Fordsburg ndi Mayfair kumene ana athu ambiri amagwira ntchito, moni ndi wamfupi. Koma lamulo lawo loteteza ogula la 2008 limati mtengo uzioneka, ndipo wogula apatsidwe lisiti. Sindikuyamikira Joni yonse ayi. Tikukumbuka 2008 ndi 2015 pamene alendo ankathamangitsidwa, abale athu n'kubwera pa mabasi chimanjamanja, ndipo wopanda mapepala amalipidwa zimene bwana wafuna. Komabe pa kauntala paja anawa anaphunzirapo chinthu chimodzi: nambala yolembedwa siyang'ana nkhope. Mayi wamasiye ndi a mfumu amalipira chimodzimodzi. Kwathu kuno mtengo umayamba waona nsapato zanu.

Nkhani ya ngongole ndiye imandipweteka kwambiri. Mnyamata wa ku Joni akatulutsa kope kuti alembe shuga amene mwatenga, mumakwiya: "Iwe mwana wa uje, sukundikhulupirira?" Patapita miyezi itatu wina akuti anali mapaketi awiri, wina akuti anayi, mpaka mabanja osayenderana ngakhale tsiku la Eid. Chonsecho ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'Surat Al-Baqarah, imene timaimva pa Taraweeh, ikulamula kuti ngongole ilembedwe ndipo pakhale mboni. Surat Al-Mutaffifin nayo yayamba ndi tsoka kwa ochepetsa muyeso. Tsono pakati pa mnyamata wa kope ndi venda wa moni wautali, amene wataya mwambo wathu ndi uti?

Anyamata inu, pano musanyade. Moni sagula. Agogo akalowa m'shopu imirirani, chotsani foni kukhutu, afunseni mmene adzukira, ndipo basera musamuiwale. Zimenezo ku Joni simunazipeze, ndipo wakufundira shopu wa pa Chitala sangazisiye n'kukhala ndi makasitomala.

Ramadhani ya zaka zino ikugwa nthawi ya mvula, nkhokwe zili pululu, pamene ambiri akutenga chimanga ndi feteleza kuti adzabweze pokolola. Inu amene mukubwereketsa mwezi uno, mupatseni moni m'bale wanuyo monga mwa nthawi zonse, mum'patse mpando. Mukatero itanani anthu awiri, mulembe kuti ndi ndowa zingati, ndowa yake iti, ndipo adzabweza mwezi uti.