PAKHOMO PATHU: Pokonza nyumba ya makolo, tiyambire pansi

Chilimwe chafika, ana atsekera sukulu, ndipo ambiri a ife okhala ku Limbe, ku Lilongwe ngakhale ku Joni tayamba kumanga katundu wa ulendo wa kumudzi. Mwa ife a ku Chiradzulu, wina atsikira pa Njuli, wina pa Mbulumbuzi, wina pa Namadzi, winanso akwera ya ku Namitambo. M'thumba muli kangachepe kamene tasunga chaka chonse kuti tikakonzere nyumba ya mayi mvula ya Novembala isanagwe. Cholinga chimenechi n'chabwino, pakuti m'Qur'an, m'Sura ya 17, kuchitira zabwino makolo kwatchulidwa motsatana ndi kupembedza Allah yekha. Koma ndalama zokha sizimanga nyumba, choncho tiyeni tikumbutsane zingapo.

Chizolowezi chathu ife a m'tauni n'chakuti tikangofika timathamangira zooneka ndi maso: penti, malata owala ndi chitseko chachitsulo, kuti odutsa m'njira aziti mwana wa auje walemera. Chikhalirecho nyumba imayamba kufa kunsi. M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ena mazanamazana osapezeka n'komwe, ndipo kwathu kwa T/A Likoswe matope ndi miyala zochokera m'phiri zinakokolola mudzi wa Mtauchira. Kumene phiri silinagumuke, nyumba zambiri za zidina zinagwabe chifukwa madzi anaima m'tsinde mwa zipupa kwa masiku angapo mpaka dothi linasungunuka. Tsono tisanagule kanthu kalikonse, tizungulire nyumba yonse pamodzi ndi mmisiri ndi kuona kumene madzi amalowera. Ngati nyumbayo ili m'khwawa kapena m'tsinde mwenimweni mwa phiri, kukonza kwake ndiko kusamutsa, ngakhale mtima ukane.

Ngati malo ndi abwino, ntchito yoyamba ikhale khonde lokwera lozungulira nyumba yonse, ndi ngalande yopatutsa madzi kumtunda kwake. Kunsi kwa chipupa tipake pulasitala wa simenti kufika m'mawondo. Pomanga chipinda chatsopano tiyale pulasitiki wakuda pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere. Simenti imalimba ndi madzi, ndiye tiuze ana aziithirira m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu. Tchuthi chawo chipindule.

Kenaka tikwere kudenga. Mitengo ya bulugama imene yafumbwa kapena kudyedwa ndi chiswe ichotsedwe, chifukwa malata atsopano pa mitengo yowola ndi mphatso ya mphepo. Mitengoyo imangidwe ndi waya wolowa m'chipupa mizere ingapo ya njerwa kuchokera pamwamba, osati kungotsamiritsa miyala pa malata monga tionera m'midzi yambiri. Pogula malata tikumbukire kuti nambala yaing'ono ndiyo yochindikala: a geji 28 amalimba kuposa a geji 32. Denga lituluke ndithu kunja kuti mvula isamamenye chipupa. Ngati ndalama za malata sizikukwana, palibe manyazi kufolera ndi udzu wabwino. Kukongola ndalama za katapila kuti tioneke olemera n'koletsedwa m'Chisilamu, ndipo ngongole yotere imatsala ndi mayi ife titabwerera ku tauni.

Chimbudzi ndi bafa zisakhale zomalizira. Kolera ya m'zaka za 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. A zaumoyo amalangiza kuti dzenje la chimbudzi litalikirane ndi chitsime mamita 30 kapena kuposerapo. Ife Asilamu tili ndi chinanso choyang'anira. Kuchokera ku Chiradzulu, Qibla ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Choncho mmisiri auzidwe asanayambe ntchito kuti wokhala m'chimbudzimo aziyang'ana kum'mawa kapena kumadzulo. Pafupi ndi bafa tikonze kamalo kokhala pochita udhu, pakuti okalamba amavutika kuwerama, ndipo ambiri amathyoka mwendo poterereka pa matope a kubafa.

Tsopano nkhani yaikulu imene imagawanitsa abale. Kwathu kuno, pakati pa Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, malo amayendera kuchikazi. Mwana wamwamuna amene wathira ndalama zake pa nyumba ya mayi ake adziwiretu kuti malowo ndi a mbumba, ndipo alongo ake ndiwo adzatsalepo. Mavuto amabuka mayi akamwalira: uyu akuti malata ndinagula ndine, uyo akuti dothi ndi lathu, mpaka nkhani kukafika kwa a mfumu, abale osalonjerana ngakhale pa tsiku la Idi. Mutu umodzi susenza denga. Tisanaswe njerwa ngakhale imodzi, tikhale pansi ndi mayi, amalume ndi alongo athu, tinene poyera ngati zimene tikuchitazi ndi mphatso kwa mayi kapena ndi chuma chathu, ndipo zilembedwe pamaso pa mboni ziwiri. A Shehe a pamzikiti wa m'mudzimo angatithandize kumvetsa za mirathi. Komanso timve zofuna za mwini nyumba. Mwina ife tikufuna chipinda chochezera chachikulu, pamene mayi akungofuna khitchini yosadontha ndi nkhokwe yosalowa makoswe.

Pomaliza, tisaiwale mmisiri ndi anyamata oponda dothi ndi kutunga madzi. Tigwirizane nawo mtengo ntchito isanayambe, ndipo tiwalipire ikangotha, monga anatilangizira Mtumiki Muhammad (SAW). Si bwino kukwera minibasi ya ku Limbe titangosiya lonjezo lakuti tidzatumiza pa foni, mmisiri n'kumagogoda pa chitseko cha mayi tsiku ndi tsiku.

Tchuthi n'chachifupi, ndipo sitingamalize zonse chaka chimodzi. Chaka chino khonde, ngalande ndi denga. Penti adzabwera chaka cha mawa, Insha Allah. Muyende bwino, ndipo mukatiperekere moni kwa makolo kumudziko.