Mpatseni Mpata Wapanjinga

Aliyense amene adayendapo m'mamawa pa mseu wa M1 kuchokera ku Nathenje kupita mu mzinda wa Lilongwe, kapena pa mseu wa ku Bunda kuchokera ku Mitundu, akudziwa kuti oyamba kulawira si agalimoto ai. Kunja kusanayere, anthu apanjinga amakhala ali kale pa ulendo: wina wamanga dengu la tomato, wina thumba la chimanga kapena mtedza, wina nkhuku, wina makala, ndipo wakabaza wanyamula mai wopita ku chipatala. Anthu amenewa ndiwo amadyetsa mzinda, koma n'zomvetsa chisoni kuti pa mseu amayesedwa ngati alendo osaitanidwa.

Chizolowezi chimene chakhazikika n'chakuti dalaivala akaona njinga patsogolo pake amangoliza hutala, osachepetsa liwiro. Pamenepo wapanjinga ayenera kusankha m'kamphindi kochepa: kutsikira m'mbali mwa mseu, kumene phula lidadyeka ndipo kuli miyala ndi mchenga, kapena kulimba mtima kuti lole imudutse pafupi ndi chigongono. Njira zonse ziwirizi n'zoopsa. Njinga yolemedwa ndi katundu siikhota msanga, ndipo mphepo ya lole yothamanga imayamba yamukankha munthu kenaka n'kumukokera ku mateyala a kumbuyo. Munthu angathe kufa chonchi galimoto isanamugunde n'komwe ndi mphuno yake.

Nkhaniyi si yaing'ono. Lipoti la bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO la chaka cha 2015 lidaika Malawi pakati pa maiko amene miseu yao imapha anthu ambiri, pafupifupi anthu 35 mwa anthu 100,000 alionse pa chaka. Lipoti la bungwe lomwelo la 2023 lidasonyeza kuti anthu 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pa mseu chaka chilichonse pa dziko lapansi, ndipo oposa theka la iwowa ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Bambo wa ku Mitundu akagonekedwa pa chipatala cha Kamuzu Central ndi mwendo wothyoka, munda wake umagonera, ana ake amabwezedwa ku sukulu, ndipo njinga imene idali chuma chokha cha pa banjapo imasanduka zitsulo.

Lamulo la pa mseu la chaka cha 1997 limafuna kuti wodutsa mnzake adzere ku dzanja lamanja atasiya mpata wokwanira, ndipo njinga nayo ili ndi ufulu woyenda pa mseu monga galimoto. Vuto lili pa mau akuti "wokwanira", popeza dalaivala aliyense amawayesa ndi muyeso wake. Maiko ena adathetsa mkangano umenewu polemba nambala. Ku France mpatawo ndi mita imodzi m'tauni ndi mita imodzi ndi theka kunja kwa tauni. Dziko la Germany mu 2020 lidalamula mita imodzi ndi theka m'tauni ndi mamita awiri kunja. Ku Britain malangizo a pa mseu a mu Januwale 2022 adatchula mita imodzi ndi theka. Ngakhale kuno ku Africa, chigawo cha Western Cape ku South Africa chidakhazikitsa mita imodzi mu 2013. Ife tikuti nthawi yakwana yakuti nafenso tilembe nambala yathu, ndipo ikhale mita imodzi ndi theka, muyeso umene mwana wa sukulu, wapolisi ndi woweruza milandu angaumve mofanana.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Lole yaikulu ndi yotambalala pafupifupi mamita awiri ndi theka, pamene mbali imodzi ya mseu wathu wa phula siipitirira mamita atatu ndi theka. Njinga yonyamula matumba imatenga pafupifupi mita yathunthu. N'zoonekeratu tsono kuti lole singadutse njinga bwinobwino popanda kulowa mbali ya galimoto zochokera kutsogolo. Ngati kutsogoloko kukubwera galimoto ina, chotsala n'chimodzi chokha: kuponda buleki ndi kudikira. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi, kotero amene wachedwa kuganiza sekondi imodzi yokha wafika kale pamsana pa mnzake.

Tikudziwa kuti ena anena kuti njinga zachuluka pa Nathenje ndi pa Mitundu, makamaka tsiku la msika, ndipo kuti dalaivala wa minibasi akamadikira njinga iliyonse sakwanitsa ndalama zimene bwana wake akufuna madzulo. Dandaulo limeneli tikulimva. Koma kudikira kumene tikunenaku n'kwa masekondi owerengeka, pamene maliro amaimitsa mudzi wonse masiku awiri, ndipo umasiye ulibe tsiku lothera. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Enanso amati onyamula makala akuononga nkhalango ya Dzalanyama, choncho sayenera chifundo. Mlandu wa nkhalango uli ndi eni ake ouweruza. Dalaivala sadapatsidwe udindo wolanga munthu ndi galimoto.

Komatu lamulo lolembedwa popanda olitsata lili ngati khasu lopanda mpini. Apolisi athu a pa mseu amagwira ntchito yotamandika yoona ziphaso ndi mapepala a galimoto, koma kufinya wapanjinga kumachitika kutali ndi pamene iwo aima. Apolisi a ku West Midlands ku England adapeza nzeru mu 2016: wapolisi wosavala yunifolomu amakwera njinga, ndipo galimoto ikamudutsa pafupi amadziwitsa anzake amene ali patsogolo kuti aiimitse. Dalaivalayo amasonyezedwa muyeso woyenera pa mphasa yoyalidwa pansi, ndipo wophwanya lamulo moopsa amatengeredwa ku khoti. Njira imeneyi siifuna makina a mtengo wapatali. Njinga imodzi, lamya ya m'manja ndi apolisi atatu n'zokwanira kuiyesa pakati pa Nathenje ndi mphambano ya ku Bunda.

Chifukwa chake tikupempha aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi nthambi ya Boma yoona za pa mseu kuti muyeso umenewu ulowe m'malamulo ndiponso m'mayeso a aliyense wofuna chiphaso choyendetsera galimoto. Tikupemphanso bungwe la Roads Authority kuti pokonza miseu liziyamba ndi m'mbali mwa phula pa malo a malonda, liikenso zikwangwani za Chichewa zokumbutsa madalaivala. Oyendetsa galimoto akhala akulipira pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke kuyambira 2021 ndi 2022. Gawo la ndalama zimenezo liyenera kugula malo oyendamo njinga.

Nanunso apanjinga muli ndi mbali yanu. Yendani ku dzanja lamanzere, mondondozana osati mopingasa. Konzani mabuleki, ikani nyali ndi zonyezimira, ndipo musamange katundu wotalika ngati denga la nyumba. Mafumu a kwa Chadza ndi kwa Chiseka, pamodzi ndi atsogoleri a akabaza, alankhule zimenezi pa misonkhano yao.

Kwa inu madalaivala, mau athu ndi awa: munthu amene ali pa njinga patsogolo panu ndi mbale wanu, ndipo mwina tomato amene mudye madzulo ano ali m'dengu lakelo. Galimoto ikafa, inunso mudzakwera kabaza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chepetsani liwiro, dikirani, ndipo mpatseni mpata.